Ichi Chakoma, Ichi Chakoma

Agogo anga a ku Chipata akationa ana tikuloza chilichonse pamsika, ankangopukusa mutu n'kunena kuti, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Ife tinkadziwa kuti akutidzudzula dyera, ndipo tinkabweza manja.

Mwambiwu unandibwerera kuno ku Livingstone, pamsewu wopita ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, pomwe malole amandanda podikira kuwoloka mlatho wa 1905 wopita ku Zimbabwe. Pamenepa m'pa anyani. Tsiku lina ndinaona nyani atatsomphola pepala la buledi m'manja mwa mlendo. Asanalume n'komwe, anaona mnzake ali ndi nthochi, basi buledi uja pansi, liwiro kutsata nthochi. Mnzakeyo anakwera nayo mumtengo, buledi n'kutoledwa ndi wina. Tonse tinaseka, mpaka oyendetsa malole.

Pobwerera m'tauni ndinayamba kumumvera chisoni pusi wa m'mwambi uja. N'chiyani chimamudumphitsa nthambi ndi nthambi? Ine ndimaganiza kuti mnzathuyu sadziwa komwe akadye mawa. Kwa iye chipatso chilichonse chimene waona chimakhala ngati chomaliza m'nkhalango yonse.

Msuweni wake wamkulu, chimpanzi, amachita mosiyana. M'tchire la Zambia mulibe achimpanzi. Amene tili nawo amakhala ku Chimfunshi, kufupi ndi Chingola m'mbali mwa Kafue, komwe David ndi Sheila Siddle anayamba kulera amasiye a nyamazi mu 1983. Nzeru zawo pofuna chakudya zinaonekera bwino m'kafukufuku wa Emil Menzel, amene anasindikizidwa mu 1973 ku America. Munthu ankanyamula kachimpanzi n'kumazungulira nako m'bwalo lalikulu, njira yokhotakhota, kwinaku mnzake akubisa chakudya m'malo 18 iko kakuona. Akakamasula, kankapeza malo ambiri mwa amenewo. Chodabwitsa n'chakuti sikankabwereza njira yokhotakhota ija. Kankadula chidule, kuchoka pamalo ena kupita pamalo oyandikira. Anzake amene sanaone pobisa ankangotsatira m'mbuyo kupemphetsa.

Nkhani yomwe imandigwira mtima kwambiri ndi ya m'nkhalango ya Taï ku Côte d'Ivoire. Kumeneko Karline Janmaat ndi anzake anatsatira achimpanzi aakazi asanu kwa masiku 275 m'nyengo zosowa zipatso, ndipo zomwe anapeza anazilengeza mu 2014. Achimpanzi amagona m'zisa zomwe amaluka m'mitengo madzulo aliwonse, ndipo sakonda kutsika kukadali mdima chifukwa pansi pamayenda anyalugwe. Koma kadzutsa wa mawa akakhala nkhuyu, makamaka mkuyuwo ukakhala patali, amayiwa ankalawirira dzuwa lisanatuluke. Nkhuyu sizichedwa kutha; mbalame, apusi ndi agologolo onse amazifuna. Kukakhala kuti akadya chipatso chosathamangiridwa, ankagona mpaka kuyere. Ngakhale chisa chenichenicho ankachiluka cha kunjira yopita kumkuyu uja. Ndiye kuti pamene akuthyola nthambi zogonera, mutu uli kale pa chakudya cha mawa, pamtengo umene sakuuona, ndiponso pa nyama zina zimene zingafike msanga kuposa iwo.

M'nkhalango yomweyo, Christophe ndi Hedwige Boesch anaonetsa kale mu 1984 kuti achimpanzi amakumbukira pomwe pali miyala yoswera mtedza wolimba, ndipo kawirikawiri amakatenga mwala umene uli pafupi ndi mtengo womwe akupitako, ngakhale mwalawo uli kuseri kwa thengo.

Apa m'pamene ndimawamvetsa agogo anga mwatsopano. Popita kukatola masuku, iwo ankadutsa mitengo itatu inayi osaima, ife tikulira kuti taonani pansipa pali mbwee. "Amenewo ngowawasa," ankatero osacheuka. Ankadziwa msuku wotsekemera kuseri kwa chulu, ankadziwanso kuti ukapsa liti. Kale ndinkati agogo ndi munthu wodziletsa. Lero ndikuona kuti kudziletsako kunali kosavuta kwa munthu amene tchire lonse analisunga m'mutu. Ife ana tinalibe mapu amenewo, n'chifukwa chake tinali apusi. Mnyamata wongofika kumene m'tauni muno, amene amagwira ganyu iliyonse n'kuisiya theka atamva za ina, sindithamangiranso kumutchula wadyera.

Komabe kukumbukira nako kuli ndi msampha wake, ndipo anthu a ku Livingstone akuudziwa bwino. Chilimwe chikafika povuta, njovu zimatuluka m'paki n'kulowa m'makomboni, kuthyola mipanda, kugwetsa mitengo ya mango, nthawi zina kupha anthu. Mu chilala cha 2024 vutoli linakula kwambiri. Akuluakulu okhalitsa kuno amakuuza kuti malo ambiri amene tamangapo nyumba kale anali njira za njovu zopita kumadzi ndi kumsipu. Mayi wotsogolera gulu la njovu sadumphadumpha ngati pusi. Amayenda molunjika, usiku, kutsata njira imene anaiphunzira ali mwana kumbuyo kwa amake, ndipo pamene amayembekeza kupeza mtengo amapeza khoma la njerwa, galu akuuwa, ndi bambo ali pakhomo akumenya chitini.