Za Kujambula Kholo Limene Laiwala Ana Ake

Ilipo nthenda ina ya ukalamba imene sitentha thupi, koma idya chikumbumtima ndi nzeru za munthu pang'onopang'ono, monga chiswe chidya mzati m'kati, kunja kukali kooneka bwino. Madokotala aitcha dementia. M'chaka cha 1906 dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anafotokoza za mayi wina, Auguste Deter, amene anadwala chotero m'chipatala cha ku Frankfurt. Ndipo atamwalira mayiyo, anapeza kuti ubongo wake unafota. Mtundu waukulu wa nthendayi utchedwa ndi dzina la dokotalayo kufikira lero. Bungwe la World Health Organization linawerenga kuti m'chaka cha 2021 odwala ake anaposa 55 miliyoni, ndipo ochuluka a iwo anali m'maiko osalemera. Poyamba wodwala aiwala za m'mawa uno, nakumbukira bwino za ubwana wake. Pambuyo pake asokera pa njira imene waiyenda zaka zonse. Potsiriza ayang'ana mwana wake namfunsa dzina.

Tsono ana ena, poona makolo awo ali kutha chomwecho, anatenga kamera nawajambula, naonetsa zithunzizo kwa anthu ambiri. Funso lathu ndi ili: kodi kutero ndiko kulemekeza kholo, kapena kulivula pabwalo?

Wotsutsa adzati: Nkhalamba yotere singathe kuvomera kapena kukana, pakuti sidziwanso kumene chithunzi chidzapita. Chithunzi sichikalamba, munthu amene anali mphunzitsi kapena woweruza milandu adzakumbukika ndi adzukulu ali wotuwa maso, wodyetsedwa ndi supuni. Mawu awa ngolemera, ndipo tisawapeputse. Akale anati, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndipo ulemu wa kholo sutha pa tsiku limene nzeru zake zatha.

Koma tione chimene anachita anthu awiri. Phillip Toledano, wojambula wokhala ku New York, anataya amake m'chaka cha 2006, natsala ndi atate ake okalamba, osakumbukira za kanthawi kapitako. Mkuluyo anafunsafunsa kumene kuli mkazi wake, ndipo nthawi iliyonse pomva za imfayo analira ngati wamva kumene. Potsiriza mwanayo anayamba kunena kuti amake apita ku Paris kukadwazika mlongo wawo. Zaka zitatu anawajambula atate ake, kufikira anamwalira mu 2009, ndipo buku lake, Days With My Father, linatuluka mu 2010. M'menemo muli nkhalamba yosungulumwa, muli nkhalamba yoseka, ndipo pambali pa zithunzi mwanayo analemba za kulema kwa mtima wake, osabisa ngakhale bodza lija la ku Paris.

Winayo ndiye Tony Luciani wa ku Canada, amene amake, a Elia, anadza kudzakhala naye ali ndi zaka zoposa 90. Iye sanawajambule mwakabisira. Anapangana nawo zithunzi zamasewera, ndipo mayiwo anavala ndi kuima monga anakondera, nafotokoza za utsikana wawo ku Italy. Masiku amene akadatha ndi kungokhala pampando anasanduka masiku a ntchito ya anthu awiri.

Apa ndipo pali yankho lathu. Kujambula kuli pawiri: wina aima patali napenya kholo lake ngati chodabwitsa, wina akhala pansi pamodzi nalo. Woyambayo aba ulemu, wachiwiriyo aubweza. Chotero wofuna kujambula adzifunse zinthu izi. Kodi kholo langa, likadali ndi nzeru zake zonse, likadalola chithunzi ichi? Ngati chionetsa umaliseche wake kapena kudziipitsira kwake, chisajambulidwe konse. Kodi lero, poona kamera, likondwa kapena libisa nkhope? Likabisa nkhope lakana, ngakhale silinanene mawu. Kodi abale anga amva za ichi? Pakuti kholo si la mwana mmodzi. Ndipo ndifuna chiyani, kuti anthu atame luso langa, kapena kuti amve chowawa cha banja lotere?

Tisaiwalenso kuti kubisa kuli ndi zoipa zake. Nthenda yobisidwa ipatsidwa dzina lolakwika. M'midzi yathu agogo akapezeka usiku pakhomo la eni, osadziwa kumene ali, msanga anthu ati ndi mfiti, ndipo ena amenyedwa. Mwana wamkazi amene awasambitsa ndi kuwalondera usiku alira yekha, poyesa kuti tsoka ili lagwa pa nyumba yake yokha. Chithunzi chojambulidwa ndi ulemu chiuza munthu wotere kuti ku New York ndi ku Canada ena anasenza katundu yemweyo, ndipo chiphunzitsa mudzi kuti iyi ndi nthenda ya ubongo.

Chifukwa chake sitiletsa kujambula, koma titi: dzanja limene ligwira kamera likhale lomwelo limene lidyetsa phala ndi kufunditsa bulangete. Ndipo ife openya zithunzi zotere tisaseke, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.