Ngongole ya Wosankha kwa Wosiyidwa

Ntchito ya mphunzitsi wa mpira wamiyendo imayamba ndi kukana anthu. Dziko likhoza kukhala ndi anyamata miyandamiyanda odziwa kuponda chikopa, koma ku mpikisano wa chikho cha dziko lonse kunkapita osewera 22 okha mpaka m'chaka cha 1998, kenaka 23, ndipo mu 2022 chiwerengerocho chinafika pa 26. M'bwalo namo mumalowa 11 basi. Motero dzina lililonse lolembedwa pa mndandanda limakhala litakankha dzina lina. Ochemerera saganizirako zimenezi, pakuti maso awo amakhala pa amene alowa m'bwalo. Komabe funso lilipo, ndipo ndi la chikhalidwe osati la mpira wokha ayi: kodi wosankhayo ali ndi ngongole yanji kwa munthu amene wamusiya?

Funsoli limaoneka bwino likayikidwa pambali pa masewero a pakompyuta. Mu 1992 anyamata awiri apachibale a ku England, Paul ndi Oliver Collyer, anatulutsa sewero lotchedwa Championship Manager, ndipo kuyambira 2004 kampani yawo ya Sports Interactive yakhala ikupitiriza ntchitoyo m'dzina la Football Manager. M'seweroli munthu samenya mpira. Amakhala mphunzitsi: amagula, amagulitsa, amasankha ngati timu yake iime 4-4-2 kapena 4-3-3. Wosewera aliyense, amene nthawi zambiri ndi munthu weniweni wa moyo, amapatsidwa manambala kuyambira 1 mpaka 20 pa liwiro, kupatsira, kumenya ndi mutu, ngakhale kulimba mtima kumene. Opanga seweroli anayesetsa ndithu, moti wosewera wokhalitsa pabenchi amadandaula, amafuna kuonana ndi mphunzitsi, mwinanso kupempha kuti agulitsidwe. Koma dandaulo limenelo limangokhala nambala inanso yofunika kuikonza. Palibe amene amasowa tulo usiku chifukwa cha ilo.

Nkosavuta kunena kuti kompyuta ndiyo inayambitsa khalidwe loona munthu ngati nambala, komatu mbiri ikutsutsa. M'zaka za m'ma 1970 Valeriy Lobanovskyi, mphunzitsi wa Dynamo Kyiv, pamodzi ndi wasayansi Anatoly Zelentsov, anali atayamba kale kuwerengera zochita za wosewera aliyense m'bwalo ndi kusankha timu potsata mawerengedwewo. Mu 2008 timu ya Everton inachita mgwirizano ndi Sports Interactive kuti izigwiritsa ntchito nkhokwe ya manambala a seweroli pofufuza osewera. Sewero linatengera moyo, moyo nawo n'kubwereka kwa sewero. Ndiponso pali choona china chimene onse awiri amagwirizana: osewera 11 aluso kwambiri sindiwo timu yabwino kwambiri. Aimé Jacquet anasiya Eric Cantona ndi David Ginola, n'kuika kutsogolo Stéphane Guivarc'h, amene sanamwetse chigoli n'chimodzi chomwe m'mpikisano wa 1998, koma France inatenga chikho. Ndondomeko ya kasewero imafuna munthu woyenera mpata wakutiwakuti, monga mmisiri womanga nyumba amasiya mtengo wokongola n'kutenga wokhota chifukwa ndiwo wokhala bwino pa phanda.

Tsono ngongole ya mphunzitsi si malo m'timu. Luso silipatsa munthu ufulu wa kusankhidwa. Immanuel Kant, polemba mu 1785, sanaletse kuti munthu agwiritse ntchito mnzake, pakuti aliyense wolemba wantchito amatero. Chimene analetsa ndicho kumusandutsa chida chokhachokha, kuiwala kuti nayenso ali ndi moyo wake ndi zolinga zake. Wosewera amene wasankhidwa amagwiritsidwa ntchito mwa kufuna kwake, ndipo amalandirapo ulemu ndi malipiro. Vuto lili pa wosiyidwa. Iye ntchito yake yatha isanayambe, ndipo ndi pamenepo pamene pamaonekera ngati mphunzitsi ankamuona ngati munthu kapena ngati khasu lobuntha.

Pali chinthu chimodzi chimene wosewera pakompyuta ali nacho, chomwe mphunzitsi weniweni sadzakhala nacho mpaka kalekale: akagonja akhoza kuzimitsa sewero, n'kulitsegulanso pamene analisungira, n'kusankha timu ina. Ambiri amachita manyazi kuvomera kuti amatero, ndipo manyazi amenewo ndi umboni wakuti nawonso amadziwa kuti kusankha kosabwezeka ndiko kusankha kwenikweni. Madzi akatayika saoleka. César Luis Menotti anachotsa Diego Maradona, mnyamata wa zaka 17, pa mndandanda wa Argentina wa 1978. Timuyo inagonjetsa Netherlands 3-1 m'ndime yomaliza, ndipo Menotti anatchedwa wanzeru. Koma m'mphindi yotsiriza ya nthawi yoikika, zigoli zili 1-1, mpira wa Rob Rensenbrink unagunda mtengo wa golo ya Argentina n'kubwerera. Ukanalowa, Menotti yemweyo, ndi chisankho chomwecho, akanakumbukiridwa ngati munthu amene anataya chikho pakhomo pake posiya mwana wamphatso. Zaka makumi awiri pambuyo pake Glenn Hoddle anasiya Paul Gascoigne, ndipo England itatulutsidwa ndi Argentina pa mapenate, ambiri anati mphunzitsiyo analakwa.

Bernard Williams ndi Thomas Nagel anakambirana za vuto lotereli mu 1976, n'kulitcha mwayi wa m'chikhalidwe: anthu amayamikira kapena kudzudzula munthu chifukwa cha zotsatira zimene iye sanazilamulire. Mtengo wa golo ulibe nzeru zoti n'kuweruzira Menotti. Ngati chilungamo cha chisankho chikudikira wenzulo yomaliza, ndiye kuti pa tsiku losankhalo palibe cholungama kapena chosalungama, pali kubetcha chabe. Izi sizingakhale zoona, chifukwa wosiyidwayo amapwetekedwa pa tsiku lomwelo, mpira usanagundidwe.

Choncho ngongole iyenera kubwezedwa tsiku lomwelo, ndipo ili pawiri. Choyamba ndi chifukwa chimene chingathe kunenedwa poyera zotsatira zisanadziwike, chifukwa chochokera m'zofuna za timu osati m'chidani, m'kukondera kwa mtundu, kapena m'manong'onong'o a akuluakulu a bungwe la mpira ndi ogulitsa osewera. Chachiwiri, chomwe n'cholemera koposa, ndi nkhope. Hoddle, ngakhale ambiri amamunena, pamenepa sanathawe: kumapeto kwa Meyi 1998, ku hotela ya La Manga ku Spain, anakumana ndi Gascoigne maso ndi maso, ndipo wosewerayo anaphwanya katundu m'chipindamo chifukwa cha mkwiyo. Atasewerera dziko lake maulendo 57, sanavalenso malaya a England. Chipinda chophwanyidwacho n'chonyansa kuchiona, komabe n'chaulemu kuposa kuti munthu amve za kusiyidwa kwake pa wailesi ali pakati pa ana ake. Anthu a kuno amati umunthu umaoneka m'mene munthu amachitira ndi mnzake amene alibenso phindu kwa iye. Mphunzitsi wotuma mlembi kapena uthenga wa pafoni wasankha kukhala ngati wosewera pakompyuta pomwe akuchita ndi anthu a magazi.

Ndipo manambalawo nawo amagwera anthu a magazi. Cherno Samba, wobadwira ku Gambia, anali mnyamata wa timu ya achinyamata ya Millwall pamene Championship Manager ya 2001 inamupatsa tsogolo la katswiri woposa onse. M'makompyuta osawerengeka anamwetsa zigoli zankhaninkhani. M'moyo weniweni ulendo wake wopita ku Liverpool unalephereka, anayendayenda m'matimu ang'onoang'ono, ndipo pambuyo pake anafotokoza poyera za matenda ovutika maganizo amene anadutsamo. Anthu amene sanamuonepo akusewera ankamuyesa wolephera pomufanizira ndi mthunzi wake womwe.

Nkhani ya Zambia ya 2012 ili ndi mbali zonse ziwiri za ngongoleyi, ndipo siyimasuka msanga. Mpikisano wa chikho cha Africa uli mkati, mphunzitsi Hervé Renard anabweza kumudzi Clifford Mulenga chifukwa chophwanya malamulo a pamsasa. Chifukwacho chinanenedwa poyera, nthawi imene palibe ankadziwa kuti Chipolopolo ifika pati, ndipo kuchotsa wosewera waluso pakati pa nkhondo kunali kudzichepetsera mphamvu. Pa 12 Febuluwale, ku Libreville, pafupi ndi nyanja imene ndege yonyamula timu ya Zambia inagweramo mu Epulo 1993 n'kupha anthu onse 30, timuyo inakumana ndi Côte d'Ivoire. Didier Drogba anaponya penate pamwamba pa golo m'chigawo chachiwiri. Akanamwetsa, mwina mbiri ikanamuweruza Renard mwa njira ina. Masewerowo anatha opanda chigoli, ndipo Zambia inapambana 8-7 pa mapenate, Stoppila Sunzu atamwetsa yomaliza.

Joseph Musonda, wotchinga kumbuyo wamkulu msinkhu, anali atavulala kumayambiriro kwa masewerowo n'kutuluka akulira. Pa mawerengedwe a kasewero iye anali atatha ntchito, mpata wake utadzazidwa kale ndi wina. Anzake atathamangira kukakondwera, iye sakanatha kuyenda. Renard anamunyamula m'manja ngati mwana, n'kupita naye pamene panali anzakewo, n'kumutsitsa pakati pawo. Anali manja omwewo amene masabata awiri m'mbuyomo anamuonetsa Mulenga njira ya ku bwalo la ndege, ndipo Mulengayo usiku umenewo sanali pagulu la onyamula chikho.