Khomo Lolowera ku Upolisi

Boma likalengeza kuti likulemba apolisi atsopano, achinyamata miyandamiyanda amathamanga ndi satifiketi zawo za MSCE. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri. Apa ndi pamene kholo lina limamva kunong'ona kwakuti pali munthu amene angathe kulowetsa dzina la mwana, bola papezeke kangachepe. Kholo limene mwana wake watha zaka zinayi ali pakhomo limayesedwa ndithu. Limati aliyense akutero, ndipo chimene likufuna n'chakuti mwana apeze podyera. Kodi kholo lotere lalakwa?

Chikondi chake n'choona, koma chilungamo chaphwanyidwa pawiri. Choyamba, malo ogulidwawo anali a mwana wa wina, mwina wa mayi wamasiye wa m'Mphakati womwewo, amene anakhoza bwino koma analibe chopereka. Chachiwiri, mwanayo waphunzira phunziro lake loyamba la upolisi asanavale n'komwe yunifolomu, lakuti lamulo lili ndi mtengo wake.

Ku sukulu za apolisi, monga ya ku Kanjedza ku Limbe ndi ya ku Mtakataka ku Dedza, mnyamata kapena mtsikana amaphunzira perete, malamulo, kagwiridwe ka mfuti ndi kalembedwe ka sitetimenti. Zonsezi aphunzitsi angathe kuziyesa ndi mayeso. Chikumbumtima sichiwumbidwa m'miyezi yochepa ya maphunziro. Munthu amabwera nacho kuchokera kwawo. Paja kuwongola mtengo n'poyamba. Amene analowa ndi ngongole ya ziphuphu, tsiku limene adzaimike minibasi pa rodibuloko adzakumbuka kuti kunyumba kuli ngongole yobweza.

Pa Luka 3:14 asilikali anafunsa Yohane M'batizi choti achite. Iye sanawauze kuti asiye ntchito. Anawaletsa kulanda za anthu ndi kunamizira osalakwa, ndipo anawauza kuti malipiro awo awakwanire. Ntchito yosunga bata ndi yolemekezeka, ndipo apolisi ambiri amaigwira mokhulupirika ngakhale malipiro ndi ochepa. Boma nalo lili ndi udindo wowalipira mokwanira ndi kulemba ntchito poyera.

Komabe udindo wa kholo sungakankhidwire kwa boma. Lamulo la dziko limalanga wopereka ziphuphu ndi wolandira yemwe. Mkhristu amene amadandaula za wapolisi wa pamsewu adzifunse ngati sanagulirepo mwana kapena mphwake malo. Kukana kungachititse kuti mwanayo adikire chaka china, ndipo zimenezi n'zowawa. Koma akadzalowa, adzatha kubweza dzanja la womupatsa ndalama popanda manyazi, chifukwa anaona makolo ake akukana.