Kodi Kulengeza Ntchito Yako N'kudzikuza?

Ku Senga Bay, kumene msewu wochokera ku boma la Salima umathera pamchenga wa nyanja, mnyamata wosema ziboliboli, mayi woyanika usipa pathandala, ndi mwini bwato wotengera alendo ku chilumba cha Namalenje, amene kale ankangodikira wogula kuti awapeze yekha, lero akujambula ntchito ya manja awo pafoni, nayiika pa Facebook ndi pa WhatsApp, malipiro n'kumalandira pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Nayenso wotsiriza sukulu, wolakalaka ntchito kuhotela monga Sunbird Livingstonia, alemba mbiri ya maphunziro ake pa LinkedIn kuti akuluakulu amudziwe. Tsono funso lovutitsa mtima wa munthu woopa Mulungu ndi ili: kodi ife, amene tinaphunzitsidwa kudzichepetsa kunyumba, kutchalitchi ndi kumzikiti, tingaimike dzina lathu pamaso pa anthu osagwa m'tchimo la kunyada?

Wotsutsa ali ndi poyambira, pakuti buku la Miyambo, pa mutu 27, lilangiza kuti chitamando cha munthu chichokere m'kamwa mwa wina, ndipo makolo athu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Koma wovomera naye sasowa mawu, popeza m'fanizo la matalente, pa Mateyu 25, kapolo amene anadzudzulidwa ndi uja anakwirira pansi chuma cha mbuye wake. Ndiponso wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, kotero kuti mmisiri wokhala chete ana ake akugona ndi njala sitingamutche wodzichepetsa, koma wosasamala banja lake.

Ine ndiona kuti chimene chisiyanitsa kulengeza ntchito ndi kudzikuza si kukula kwa mawu ai, koma choonadi chake. Wonena kuti, "Nayi ntchito yanga, mtengo wake ndi uwu, ndidzaipereka tsiku lakuti," akuchitira umboni mphatso imene sanadzipatse yekha; koma woika chithunzi cha chambo chonona pamene m'dengu mwake muli nsomba zogonera, kapena wodzilembera ukatswiri umene alibe, akugwiritsa ntchito muyeso wonyenga, umene Malembo anena poyera kuti Yehova anyansidwa nawo. Chinyengo chotere sichipweteka mwini yekha, pakuti wogula wa ku Lilongwe amene watumiza ndalama nalandira chosayenera, mawa adzakayikira wogulitsa aliyense wa kunyanja, ngakhale wolungama.

Chimodzimodzinso ndi maubwenzi amene timawafuna kuti ntchito ipite patsogolo. Kudziwana ndi anthu si chinthu chachilendo kwa ife, amene tidziwa kuti kupatsa n'kuika. Chachilendo ndicho kusonkhanitsa maina mazanamazana a anthu amene sitidzawazonda akadwala, n'kumawakumbukira pokhapokha tikafuna kuti atilankhulire kwa bwana. Munthu analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, ndipo sayenera kusandutsidwa makwerero. Wofuna kuti ena amutsegulire khomo ayambe iye kutumizira mnzake uthenga wa ntchito imene yapezeka, kapena kulozera mlendo kwa mmisiri mnzake pamene iye alibe chimene mlendoyo akufuna.

Tili ndi chitsanzo pafupi cha mbiri yomangidwa pa choonadi. Chilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Makanjira, chadziwika kutali chifukwa asodzi ake, kwa zaka makumi ambiri, akhala akusunga lamulo lotseka usodzi nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane. Mbiri yawo inatsata khalidwe, ndipo akaiuza alendo lero palibe angawatche odzitama, popeza zimene anenazo n'zoona.

Chotero, achinyamata a kunyanja, lengezani ntchito zanu mosachita manyazi, pakuti wantchito ayenera malipiro ake. Koma musanaike chithunzi kapena mawu pa intaneti, dzifunseni ngati wogula, atafika pakhomo panu, adzapeza chimene munamulonjeza.