Kuchoka ku Alajuela kutsikira ku nyanja: mfundo za panjira

Bwalo lalikulu la ndege la ku Costa Rica, la Juan Santamaría, anthu amati lili ku San José, koma kwenikweni lili ku Alajuela, pachitunda. Kuchoka apo kukafika ku Quepos, m'mbali mwa nyanja ya Pacific, ndi makilomita pafupifupi 150. Pamapu ndi kaulendo kochepa. Koma njira imeneyi ndi ya anthu okhala m'mbali mwake, ndipo mlendo amene waiwala zimenezi imamukumbutsa.

1. Luso la kwanu silikwera nanu ndege. Kumeneko galimoto zimayenda kumanja, chiwongolero chili kumanzere. Dalaivala wa zaka makumi awiri pamsewu wa M1 amapezeka akupapasa chitseko pofuna giya. Ndi bwino kuvomera kuti lero ndinu wophunzira. Pobwereka galimoto muwerengenso pepala musanasaine, chifukwa mtengo wa pa intaneti nthawi zambiri suphatikiza inshuwalansi yomwe salola kuti muchoke opanda.

2. Musanadandaule, kumbukirani amene anadutsa inu musanabadwe. Msewu wa Ruta 27, wa makilomita 77 kuchoka ku San José kukafika ku doko la Caldera, anautsegula mu 2010. Ndi wolipira, ndipo pamageti pamakhala mzere, makamaka Lamlungu madzulo anthu akamabwerera kuchokera kunyanja. Pamenepo alendo amayamba kuguguda chiwongolero. Koma m'zaka za m'ma 1800 khofi wa dziko limeneli ankatsika mapiri omwewa pangolo za ng'ombe kupita ku Puntarenas, ulendo wa masiku khumi kapena kuposerapo, m'matope. Ngolozo, zomwe pambuyo pake zinayamba kupakidwa utoto wamaluwamaluwa ngati zomwe amakhoma ku Sarchí, bungwe la UNESCO linazilemekeza mu 2005. Mphindi khumi zanu pageti muziyeze ndi masiku awo.

3. Safunsa anadya phula, koma kufunsa kokha sikukwana: muphunzirenso kumva yankho. Ku Costa Rica anthu salondolera ndi maina a misewu. Adzakuuzani kuti kuchokera patchalitchi muyende mamita 200 chakumpoto, kenako 50 chakumadzulo. Mamita 100 kumeneko si a tepi yoyezera ayi, akutanthauza mdadada umodzi wa nyumba, utalike kapena ufupike. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti chizindikirocho mwina kulibenso. Ku San Pedro anthu amawerengabe mtunda kuchokera pa antiguo higuerón, mkuyu wakale umene unagwa zaka zambiri zapitazo. Mlendo amaseka, amati ndi chisokonezo. Ine sindiseka, pakuti nafenso timati "mukafika pamene panali chigayo mukhotere kumanzere", chigayocho chinatsekedwa kalekale. Malondoledwe oterewa amasunga mbiri ya mudzi m'kamwa mwa anthu, ndipo amakukakamizani kutsitsa galasi, kupereka moni, kuvomera kuti simukudziwa. Foni ili ndi pulogalamu yolondolera njira ya Waze, inde, ndipo eni dziko amaidalira kwambiri. Koma netiweki ikathawa m'khwawa, wokupulumutsani ndi mayi wogulitsa mango ku Orotina, amene mukanamudutsa osamuyang'ana.

4. Zomwe mwataya kumtunda zimakutsatani kumunsi. Mukasiya Ruta 27 n'kulowa Ruta 34, yomwe amaitcha Costanera, mufika pamlatho wa mtsinje wa Tárcoles. Aliyense amaima. Pansipo ng'ona zikuluzikulu zangoti ndondondo pamatope, kukamwa kuli yasa. Ochepa ndi amene amafunsa komwe madzi abiiwo achokera. Achokera komwe inunso mwachokera m'mawa: mtsinjewu umasenza zonyansa za San José, Alajuela ndi Heredia, ndipo uli m'gulu la mitsinje yoipitsidwa kwambiri ku Central America. Nyanja yoyera yomwe mukuithamangira ndiyo imalandira zonsezo. Botolo lomwe munalisiya m'ngalande mumzinda likhoza kukakupezani mukusambira.

Pamlatho pomwepo, maso akakhala pa ng'ona, manja a ena amakhala pachikwama chomwe mwasiya pampando. Khomani galimoto, kapena mmodzi atsalemo.

5. Kupatsa mnzako njira si kugonja. M'misewu yopatuka muli milatho yokwana galimoto imodzi, ndipo mbali imodzi pamakhala chikwangwani cholembedwa kuti Ceda el paso. Chikakhala kwa inu, dikirani mpaka onse adutse. Winayo adzakweza dzanja pothokoza, basi.

6. Dzuwa silidikira kuti inu mumalize kujambula zithunzi. Dziko limeneli lili pafupi ndi equator, choncho chaka chonse mdima umagwa cha m'ma 6 koloko, ndipo umagwa msanga. Kuyambira Meyi mpaka Novembala mvula imakonda masana, yamphamvu moti mawaipa amalephera nayo. Mukadutsa Jacó n'kuyandikira Parrita, msewu umalowa m'minda ya migwalangwa ya mafuta, ndipo madzulo ndi nthawi yomwe antchito amaweruka, ena wapansi, ena panjinga zopanda nyale. Kwa inu ndi njira ya ku holide. Kwa iwo ndi njira yopita kunyumba, ana akudikira. Amene wanyamuka mochedwa pabwalo la ndege amafuna kubweza nthawi yake pamalo amenewa, ndipo wolipira changu chakecho amakhala munthu wa panjinga. Ngati ndege yatera madzulo, gonani ku Alajuela, mulawirire mawa.

Wolawirira amafika ku Quepos kukadali kowala, n'kupeza ka soda, kalesitilanti kakang'ono ka banja, kakadali kotsegula. Amamubweretsera casado: mpunga, nyemba, nthochi zokazinga ndi nsomba. Mayi wophikayo akamufunsa kuti njira inali bwanji, yankho la kumeneko ndi la mawu awiri, pura vida, ndipo amamuwonjezera nyemba.