Makina Owerenga Maganizo ndi Chipinda cha Chikumbumtima

Usiku wa Lachinayi Loyera, Ambuye Yesu adamuuziratu Petro zimene adzachite tambala asanalire. Petro adatsutsa, nalonjeza kupita nawo kundende ngakhale kukafa kumene, koma kusanache adawakana katatu. Nkhaniyi ili pa Luka 22. Chimene sichitchulidwa kawirikawiri ndi chakuti Yesu, ngakhale ankadziwa za kugwako, sadamuchotse Petro pagome la Mgonero. Adamupempherera, namuuza kuti akadzabwerera adzalimbitse abale ake. Za mumtima mwa Petro zinali m'manja mwa Iye amene ankamukonda. Lero akatswiri a sayansi ya ubongo ayamba kusuzumira m'chipinda chomwecho, ndipo mkhristu ayenera kufunsa kuti zimene akuonazo zigwera m'manja mwa yani.

Akuluakulu adati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Mu 2023, akatswiri a ku University of Texas ku Austin, motsogozedwa ndi Alexander Huth ndi Jerry Tang, adayesa kumanga kaulalo kopita kutsidyako. Anthu odzipereka adagona m'makina a fMRI, amene amaona mmene magazi akuyendera mu ubongo, aliyense kwa maola 16 akumvetsera nkhani. Kompyuta idaphunzira mmene ubongo wa munthuyo umachitira akamva mawu akutiakuti. Pambuyo pake, iye akamamva nkhani yatsopano kapena kuiganiza chamumtima, kompyuta inkalemba mfundo ya nkhaniyo, ngakhale mawu enieni inkawaphonya kawirikawiri. Zimene idaphunzira pa munthu mmodzi sizinkagwira pa wina, ndipo munthu akafuna kuisokoneza ankangotchula mayina a nyama mumtima. Choncho pasakhale woda nkhawa kuti foni yam'thumba ikumva zimene akuganiza nthawi ya ulaliki. Komabe ulalo ukayambika, omanga sasiyira pakati.

Mpingo suopa sayansi, pakuti nzeru ndi mphatso ya Mulungu. Chaka chomwecho, gulu la dokotala Edward Chang ku San Francisco lidathandiza mayi wina amene adakhala zaka 18 osayankhula chifukwa cha sitiroko. Adamuika tizipangizo pamwamba pa ubongo, ndipo mawu amene ankayesa kunena ankatuluka pakompyuta, pafupifupi 78 pa mphindi. Amene amakumbukira munthu wosamva ndi wachibwibwi wa pa Marko 7, yemwe Yesu adamumasula lilime, sangachitire mwina koma kuyamika. Apa makina adatumikira mwiniwake wa maganizo, natulutsa zokhazo zimene iye adafuna kunena.

Zinthu zimasintha pamene wina akufuna kutenga zimene mwiniwake sadafune kupereka. Mu 2008, khoti la mumzinda wa Pune ku India lidagamula mayi wina kuti akakhale kundende moyo wake wonse pa mlandu wopha bwenzi lake lakale ndi poizoni. Mwa umboni umene woweruza adaulandira mudali uwu: apolisi adamuveka mayiyo chipewa cha mawaya, namuwerengera mmene ankaganizira kuti mlanduwo udachitikira, iye ali chete. Akatswiri adati ubongo wake udaonetsa kuti zimenezo adazichitadi. Asayansi ambiri adakana kuti njirayo ndi yodalirika. Khoti lalikulu lidamutulutsa pabelo, ndipo mu 2010 khoti lalikulu koposa la India lidagamula kuti kuyeza munthu motero iye osavomera ndi kumukakamiza kudzichitira umboni womutsutsa.

Kuno ku Malawi zotere si zachilendo kwenikweni. Makolo akafuna kudziwa zobisika mumtima mwa woganiziridwa ufiti ankamumwetsa mwabvi: akasanza ndi wosalakwa, akafa ndiye mfiti. Boma la atsamunda lidaletsa mwabvi mu 1911, anthu ambiri osalakwa atapita kale kumanda. Makina a lero sapha ngati khungwa lija, koma ludzu lake ndi lomwelo, lofuna chinthu chimene chingayankhe m'malo mwa munthu kuti oweruza asavutikenso ndi kumvetsera.

Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Gaudium et Spes ndime 16, udaphunzitsa kuti chikumbumtima ndi malo oyera am'kati mwenimweni mwa munthu, kumene iye amakhala yekha ndi Mulungu. Mpingo udadziikira malire okhwima pa khomo limeneli. Lamulo 630 la Malamulo a Mpingo limaletsa akulu a zipani za asisitere ndi abulazala kukakamiza owayang'anira kuti awaululire za m'chikumbumtima. Lamulo 983 limati wansembe sangaulule zimene wamva m'Sakramenti la Kulapa pa chifukwa chilichonse. Yohane Woyera wa ku Nepomuk adaponyedwa mumtsinje wa Vltava ku Prague mu 1393, ndipo mwambo wa Mpingo umati adafera kukana kuuza mfumu machimo amene mfumukazi idalapa. Ngati episkopi, ngakhale Papa amene, alibe ufulu wothyola chitseko chimenechi, nanga kampani, bwana wa pantchito kapena wapolisi angautenge kuti?

Palinso cholakwa china chozama. Katekisimu amaphunzitsa kuti tchimo lalikulu limafuna zinthu zitatu: nkhani yaikulu, kudziwa bwino, ndi kuvomera ndi mtima wonse. Ganizo loipa kungodutsa m'mutu si tchimo. Mayi amene wakwiyira apongozi ake, nkuluma mlomo, nkukawapatsa madzi osamba, wapambana nkhondo imene makina sangaione. Iwo angolemba mkwiyowo. Yesu mwini adayesedwa m'chipululu, ndipo mawu a woyesa adawamva ndithu. Chimene chimamupanga munthu kukhala wolungama ndi yankho limene amapereka ku ganizolo, mothandizidwa ndi chaulere cha Mulungu.

Za kulosera khalidwe ndiye zovuta koposa. Mu 2013, Eyal Aharoni, Kent Kiehl ndi anzawo adafalitsa zimene adapeza atayeza ubongo wa akaidi aamuna 96 ku New Mexico, m'dziko la America. Amene gawo lina la ubongo wawo lothandiza kudziletsa linkagwira ntchito mofooka adapezeka ndi mpata wowirikiza kawiri womangidwanso pasanathe zaka zinayi. Kafukufukuyu ali ndi phindu ngati cholinga ndi kudziwa amene akusowa chithandizo chochuluka akatuluka. Koma chiwerengero chimakamba za gulu, pomwe chigamulo chimagwera munthu mmodzi wokhala ndi dzina, mkazi ndi ana. M'gulu la ofooka lija mudali ena amene sadamangidwenso. Kumusunga wotere m'ndende chifukwa cha chithunzi cha ubongo ndi kumulanga pa tchimo limene sadachite. Papa Francis, mu uthenga wake wa Tsiku la Mtendere pa 1 Januwale 2024, adachenjeza kuti makompyuta asaloledwe kumutsekera munthu mwayi wosintha ndi kusiya zakale. Makina akadamuyeza Saulo ponyamuka ku Yerusalemu, mwina akadalosera molondola zimene ankafuna kukachita ku Damasiko, koma za pa njira sakadazidziwa.

Dziko la Chile lidasintha malamulo ake aakulu mu 2021 kuti ateteze ubongo wa munthu ndi zonse zotengedwamo. Ambiri amati yankho ndi kupempha chilolezo kwa mwiniwake, ndipo nzoona, koma chilolezo cha wosauka nchopepuka. M'migodi ina ku Australia oyendetsa zimagalimoto amavala zipewa zoyeza ubongo kuti bwana adziwe ngati akuwodzera. Kupewa ngozi nkwabwino. Nanga wofuna ntchito amene ana ake agona ndi njala angakane chipewa chotere, tsiku limene chidzayambe kuyeza zoposa tulo? Woyamba kuvekedwa adzakhala mkaidi, wothawa kwawo ndi waganyu.

Mtima wofuna kusuzumira sudikira makina a ku America. Bambo wofufuza foni ya mkazi wake usiku ali mtulo, kholo lopita kwa woombeza kukafunsa zimene mkamwini akuganiza, mtsogoleri wa mphakati wofalitsa zimene mnzake adamuuza akulira, onsewa akugogoda pa chitseko chomwechija ndi nkhwangwa.

Atauka kwa akufa, Yesu adakumana ndi Petro m'mbali mwa nyanja ya Tiberiasi, pa moto wamakala wofanana ndi umene Petro adaotha usiku wa kukana kuja (Yohane 21). Iye amene Salmo 139 limati amadziwa mawu asanafike palilime adamufunsa Petro katatu ngati amamukonda. Petro adamva chisoni, nayankha kuti Ambuye akudziwa zonse. Ankadziwadi, koma katatu konse adafunsa, nadikira kuti Petro anene yekha, ndipo atanena adamupatsa nkhosa zake kuti aziwete.