Mwana Wamkulu wa ku Salisbury Lines

Kuno ku koleji palibe wondidzutsa pa Sabata m'mawa. Miyezi itatu yoyamba sindinaponde m'tchalitchi, ndipo chimene chinandiopsa nchakuti mtima wanga sunasowe kanthu. Tsono kodi chimene ndinali nacho zaka zonse zija chinali chikhulupiriro, kapena mantha chabe a khadi la chopereka ndi diso la mkulu wa mpingo?

Kwathu nku Salisbury Lines, mu mzinda wa Mzuzu. Salisbury weniweni anasanduka Harare mu 1982, koma ife dzina tidakali nalo, ndipo tidakali m'dambo. Mvula ikalimbika, monga inachitira mu April 2016, madzi amalowa m'nyumba, zimbudzi nkusefukira. Mayi anga ndi a Umanyano. Maliro akagwa nyengo yotere amavala bulauzi yoyera ndi duku, nsapato kumanja, naponda matope kukaphika ndi kuchezera usiku wonse akuimba. Ine ndinkawatsata pambuyo ndi mtolo wa nkhuni, nkhope ili ndwii, ndikuwerenga mumtima maulendo amene Mulungu adzayenera kundibwezera.

M'kalasi la filosofi tawerenga Immanuel Kant, amene mu 1785 analemba kuti ntchito imakhala ndi mtengo weniweni munthu akaichita chifukwa cha udindo, osati chifukwa chakuti imamkomera. Ndinanyada nazo pang'ono: ndiye kuti ine wonyinyirika uja ndinaposa mayi, popeza iwo amakondwa nayo ntchitoyo! (Aphunzitsi ati ndamnamizira Kant. Mwina.) Koma pa Luka 15 pali munthu amene ndimamdziwa ngati ndinagona naye mphasa imodzi: mwana wamkulu uja. Sanathawe pakhomo, sanaphwanye lamulo la atate wake. Komabe atamva kuimba ndi kuvina chifukwa cha mng'ono wake wobwerera, anakana kulowa, nayamba kuwerenga zaka zimene anagwira ntchito ndi kamwana ka mbuzi kamene sanapatsidwe. Munthu wotumikira mokakamizika amasunga kaundula, ndipo kwa iye mbale wokhululukidwa amaoneka ngati mbala.

Nyimbo zambiri zimene mayi amaimba pa maliro sizinachokere kunja. Ku Loudon, kumene tsopano timati Embangweni, Donald Fraser analimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo m'maimbidwe akwawo, ndipo anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anapekadi. Munthu ungamkakamize kusonkha ndalama kapena kulambula msewu wa ku tchalitchi, koma ndani anapekapo nyimbo yokoma poopa mwambo wa mpingo?

Sindikunena kuti tizingoseka. Kuuza mayi amene khoma la nyumba yake lagwa kuti akondwere nkumsenzetsa udindo wina, wolemera kuposa woyamba uja. Pa tchuti ndinawafunsa mayi ngati satopa. Anandiyankha m'Chitumbuka, maso ali pa mphika: "Ndimatopa, mwananga. Masiku ena ndimapita chifukwa ndi tsiku langa basi. Nyimbo imakandipeza komweko."

Sabata latha ndinadzuka ndekha, nkukakhala pa benchi ya kumbuyo kwenikweni. Nyimbo sinandipeze. Ndinazindikira potuluka kuti ulendowu sindinauwerenge, ndipo ndaitanitsa buku la mayi lakale la Sumu za Ukhristu, lija lopanda chikuto.